Maulendo athu a kuphiri amaferanji m'mazira?

Okondedwa mayi, amalume, achimwene ndi achemwali kumudziko, komanso inu anzanga amene tikusaka nawo limodzi kuno ku Cape Town,

Ife kuno tikudzuka, ntchito ikugwirika, lendi ya nyumba nayonso siiwala tsiku lake.

Kalata ya lero ena aiona ngati yachibwana, chifukwa mulibe za mapepala, za kukwera mtengo kwa zinthu kapena za katundu wotumiza pa basi. Ndikufuna ndinenepo maganizo anga pa maulendo okakwera phiri amene ife a kuno timapangana chaka ndi chaka koma osachitika. Aliyense amene wakhala kuno zaka ziwiri akudziwa mmene zimayendera. Wina amaponya mawu pa gulu la WhatsApp kuti anthuni, tiyeni tsiku lina tikakwere Table Mountain. Pasanathe ola anthu 30 avomera, ena ayamba kale kufunsa za yunifomu. Tsikulo likafika, pa siteji pamapezeka anthu awiri akuyang'anana, mafoni a enawo ali zii. Awiriwo amagula tchipisi n'kubwerera, ndipo nkhaniyo imagona mpaka chaka chamawa.

Inu akumudzi ndiyambe ndakuuzani za phirilo. Mzinda unamangidwa m'tsinde mwake, ndipo pamwamba pake n'pophwatalala ngati tebulo, ndiye dzinalo. Nsonga yake, pamalo otchedwa Maclear's Beacon, ili pa mamita 1,086 kuchokera pa nyanja. Sapitwa wathu wa ku Mulanje ali pa mamita 3,002. Choncho musaganize kuti chotilepheretsa ndi kutalika. Pakati pathu pali ana a ku Phalombe, ku Dedza ndi ku Zomba amene anakula akutsika mapiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu, kuphazi kulibe nsapato. Phiri la kuno silingawaopse amenewo.

Ndikudziwa funso limene mayi mwafunsa kale mumtima: kuphiriko mukukatengako chiyani? Kwathu munthu amakwera phiri ali ndi chifukwa, kaya nkhuni, bowa, udzu wofolera, kapena kukapemphera monga amachitira anthu pa Bunda ndi pa Soche. Zokwera chabe kuti ukaone pansi tinkazisiyira azungu aja amafika pa Likhubula n'kulemba anyamata owanyamulira zikwama. Koma moyo wa kuno ndi wina, mayi. Munthu amatuluka m'kachipinda ka malata kusanache, kukwera tekisi, kugwira ntchito pa yadi ya bwana kapena m'khitchini ya lesitilanti, kubwerera kukagona, mawa chimodzimodzi. Zaka zisanu, zaka khumi. Mumzinda uno chilichonse n'cholipira, koma njira zambiri zokwerera phirili n'zaulere, palibe geti ndipo palibe wokufunsa chiphaso. Anthu amalipira ndege kuchokera ku Germany ndi ku America kudzaliponda, ife timangolionera pa windo la tekisi. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti, kupatula kutchalitchi ndi kumzikiti, malo okhawo amene timakumanapo tonse ndi pa maliro. Kodi kuti munthu acheze ndi anzake a kwawo tsiku lathunthu mpaka wina afe?

Maliro omwewo ndi amene andipatsa yankho la nkhaniyi. Ulendo ukalephereka timakonda kudzinyoza, amvekere ife Amalawi sitidziwa kulongosola zinthu. Ine mawu amenewa ndimawakana. Mnzathu akatisiya ku Dunoon kapena ku Masiphumelele, dzuwa lisanalowe pamakhala wapampando, msungichuma ndi kope la zopereka. Wina akuthamangira mapepala, wina akukambirana ndi a galimoto, amayi agawana kale za kuphika. Thupi limayenda mtunda woposa makilomita 3,000, kudutsa pa Beitbridge, ku Tete mpaka pa Mwanza, n'kukafika pamudzi abale akudikira. Anthu amene angathe kuwolotsa maliro malire a mayiko anayi sangalephere kukwera basi imodzi kupita pa Kloof Nek chifukwa cha umbuli. Chimene chimasiyana n'chakuti maliro amakhala ndi mwini, tsiku lake silikambidwa kawiri, ndipo dzina la munthu limalembedwa m'kope pamodzi ndi ndalama imene wapereka. Ulendo wa kuphiri timaumana zonsezi, kenako timadabwa ukafa.

Ulendo wathu umabadwa wamasiye. Woponya mawu uja amaona ngati ntchito yake yatha, ovomera aja akudikira kuti wina alongosole, ndipo aliyense akuopa kudziika patsogolo kuti anganenedwe kuti akudzimva. Timati mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zoona, koma sindinaonepo denga la nkhokwe likukwera popanda mmodzi wofuula kuti tiyeni tinyamule tsopano. Maganizo anga ndi akuti woyambitsa nkhani ndiye mwini ulendo, afune asafune. Walira mvula walira matope. Ngati matopewo sakuwafuna, atchule munthu wina tsiku lomwelo ndipo wotchulidwayo avomere pamaso pa onse. Komiti ya anthu asanu ndi awiri, mlembi ndi wachiwiri wake, zonsezo n'zosafunika. Mwini ulendo mmodzi, wosunga ndalama mmodzi, basi.

Pa za tsiku m'pamene maulendo ambiri amathyokera msana, ndipo amathyoka chifukwa cha mtima wabwino. Timafuna tsiku loti aliyense akhalepo. Abale anga, tsiku limenelo mulibe m'kalendala ya kuno. A m'magadeni ndi alongo athu ogwira ntchito m'nyumba ambiri amapuma Lamulungu. A m'malesitilanti a ku Waterfront ndi ku Camps Bay Loweruka ndi Lamulungu m'pamene ntchito imawira, iwo ofu yawo imagwa Lolemba kapena Lachiwiri. Alonda amayendera mashifiti. A zomangamanga amatsekera pakati pa Disembala, nthawi yomwe a m'mahotela sakuona ndi tulo tomwe. A Seventh Day sangabwere Loweruka, a CCAP ndi Akatolika Lamulungu m'mawa ali kutchalitchi, abale athu achisilamu Lachisanu masana ali ku Juma. Mukayamba kufunsa kuti kodi tsiku lakuti muli bwanji, aliyense atchula lake, mudzasuntha kamodzi kuti achimwene akuti apezeke, kawiri kuti mlamu apezeke, ndipo pofika kachitatu amene anapempha kale ofu kwa bwana wawo atopa nanu. Munthu amene anataya ganyu ya tsiku chifukwa cha ulendo umene unasunthidwa usiku sadzavomeranso, ndipo ine sindingamudzudzule.

Ndiye mwini ulendo asafunse kuti tipite liti. Anene kuti ndikupita Lamulungu lakuti, wofuna tiyeni. Atchule kudakali masabata atatu kapena anayi kuti opempha ofu apemphe, ndipo likhale pafupi ndi malipiro, chifukwa pakati pa mwezi matumba ambiri amakhala ataphwa, ya kumudzi itatumizidwa kale. Otsala asadandaule. A m'malesitilanti apange wawo wa Lachiwiri, umene ndi wokoma kuposa wathu chifukwa njira imakhala yopanda chipwirikiti. Maulendo awiri a anthu asanu amene achitika ndi abwino kuposa umodzi wa anthu 40 umene uli pa foni.

Tsopano ndifike pa chilonda chenicheni, eya wathu waulemu uja. Ife tinaleredwa kuti kuyankha munthu kuti ayi pamaso ndi mwano. Ndiye timati ndiona, timati ndikuuzani, timati Mulungu akalola. Tonse timadziwa kuti ndiona ndi ayi wovala jekete, koma powerenga anthu timamuwerengera ngati eya. Ndipo kawirikawiri kuseri kwa ndiona kulibe ulesi. Kuli manyazi. Munthu alibe ya transipoti yopita ndi kubwera, kapena nsapato zimene ali nazo ndi za kuntchito zokha, kapena akuopa kuti kumeneko anzake akalowa m'lesitilanti iye n'kumaima panja ngati mlonda. Mwamuna wamkulu, wa ana atatu kumudzi, sanganene zimenezi pa gulu la anthu 60. Amavomera mokweza, tsikulo n'kuthimitsa foni.

Mankhwala ake ndi kope lija. Mwini ulendo anene poyera kuti zonse zidya ndalama zingati, transipoti ndi kamba, ndipo anenenso kuti sitikalowa malo alionse odyera, aliyense anyamule zake. Kenako aliyense wopita apereke kandalama kochepa kwa wosunga ndalama pofika Lachitatu, kaya R30 kaya R50, kogulira buledi, nthochi ndi madzi. Amene wapereka ndiye ali pa ulendo. Amene wangokweza chala pa foni ndi wofunira zabwino chabe, monga aja amaimba nawo pa ukwati koma osafupa. Wolephera popanda matenda kapena zovuta, ndalama yake idyedwe ndi amene apita. Ena ati zimenezi n'zankhanza, tikupita kokasangalala osati ku usilikali. Koma nkhanza yeniyeni ndi kumusiya mlongo wako ataima pa siteji 6 koloko m'mawa, atakana ntchito ya tsikulo, iwe uli m'bulangete. Kandalamako sikolemeretsa munthu, ntchito yake ndi kumuthandiza kunena ayi Lachitatu mwaulemu, m'malo mosowa Lamulungu. Ndipo mwini ulendo wanzeru akaona kuti wina akufunitsitsa koma zamuthina, amulipirire mwakachetechete, gulu lisadziwe.

Wosunga ndalama naye adziwe kuti pakati pathu nkhani ya ndalama siichedwa kununkha. Alembe, ajambule tsambalo, aonetse onse, chenji abweze ngakhale ndi R2. Magulu angati a chipereganyu amene anatha chifukwa cha chenji?

Palinso matenda ena, okula msanga. Ulendo umayamba ngati kukwera phiri. Mawa wina akuti tikatsika tikaotche nyama kunyanja. Mkuja wina akuti tichite hayala basi, tisindikize malaya olembedwa dzina la gulu, tiitane ndi anzathu a ku Strand tidzamenye nawo mpira. Pofika Lachisanu mtengo wafika poti munthu wa pa gadeni ayenera kugwira masiku atatu kuti akwanitse, ndipo wa basi akufuna dipoziti imene palibe amene ali nayo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nyama ili ndi tsiku lake, ndipo malo ololedwa kuotcha alipo, monga ku Oudekraal. Paphiri pokha musayerekeze kukoleza moto, ngakhale kuponya kotsalira ka ndudu. Mu Epulo 2021 moto unabuka m'mbali mwa phirili n'kutentha laibulale ya Jagger ya pa University of Cape Town pamodzi ndi mabuku ndi zolemba zakale za mu Africa muno zimene sizidzapezekanso. Tchire la kuno likauma limayaka ngati lathiridwa parafini. Inu amene mumapita kukapemphera usiku, mawu amenewa ndi anunso.

Kusankha njira nakonso kumathawitsa anthu, ngakhale sanena. Anyamata amphamvu amafuna kuyambira pa yovuta kuti akajambulitse, ndiye amayi ndi akuluakulu amangoti ndiona. Gulu limene silinayendepo limodzi liyambire pa Pipe Track. Imayambira pa Kloof Nek n'kumayenda m'mbali mwa phiri pamwamba pa Camps Bay, nyanja ili kudzanja lamanja, zitunda zake n'zochepa, ndipo mukatopa mumangotembenuka. Inalambulidwa m'zaka za m'ma 1880 poika mapaipi obweretsa madzi mumzinda. Kumeneko ndi ana okulirapo omwe akhoza kupita, zimene zimamasula alongo athu amene alibe womusiyira mwana. Ulendo wachiwiri ukhale wa Lion's Head, kaphiri kosongoka ka mamita 669, ola limodzi ndi theka kukwera mosathamanga. Chakumtunda kuli maunyolo ndi makwerero achitsulo, koma woopa ali ndi njira yolambalala.

Mukatero ndiye mupite ku Platteklip Gorge, njira yolunjika pamwamba pa tebulo penipeni. Imayambira mu msewu wa Tafelberg, kupitirira pang'ono pokwerera cable car, kagalimoto kaja kamalendewera pa chingwe. Ndi mpata wa pakati pa matanthwe, masitepe a miyala okhaokha, kukwera mamita oposa 600 pa mtunda wosakwana makilomita atatu. Mbiri imati mzungu woyamba kukwera phirili, Mpwitikizi António de Saldanha, anadzera momwemo mu 1503. Munthu wamba amatenga maola awiri kapena atatu. Kusochera n'kovuta chifukwa njira ndi imodzi ndipo anthu amakhala ambiri, koma mthunzi ndi wosowa, dzuwa limakuwomba kumsana, ndipo pasafike 10 koloko m'chilimwe miyala imakhala ngati chiwaya. Aliyense anyamule malita awiri a madzi. Pali njira ina yodutsa kunsi kwa zingwe za cable car yotchedwa India Venster. Imaoneka yachidule, koma ili ndi malo okwera ndi manja pa matanthwe, ndipo yapwetekapo ndi kupha anthu. Wina m'gulu akati ndikudziwa yachidule, mwini ulendo akane, ngakhale wonenayo akhale wamkulu kwa iye.

Za cable car ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi msampha. Ambiri amavomera ulendo akuganiza kuti pobwera tidzatsika pa chingwe. Kagalimotoko kakhala kakuyenda kuyambira 1929 ndipo n'kodalirika, koma mphepo ikakula amakatseka nthawi ina iliyonse, ndiponso nyengo yozizira amakaimitsa kwa kanthawi kuti akakonze. Tikiti yotsikira yokha imadya pafupifupi ndalama ya ganyu ya tsiku lonse. Choncho pouza anthu za ulendo muwauze kuti tikwera ndi miyendo, titsikanso ndi miyendo, ndipo kutsika ndi kumene kumapweteka mawondo. Amene ali nayo ya chingwe ndi mwayi wake, koma isakhale pulani ya gulu.

Ndiye pali nyengo, imene timainamizira zambiri. Inu akumudzi mudabwa kumva kuti kuno mvula imagwa nthawi yozizira, makamaka Juni mpaka Ogasiti. Chaka chilichonse pamapezeka wina wonena kuti tikakwere pa 6 Julayi tikakweze mbendera yathu pamwamba. Maganizowo ndi okoma, koma limenelo si tchuthi kuno, ndi pakati pa mvula, dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko n'kulowa isanakwane 6. M'chilimwe namo muli mwera wa kuno, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene eni dziko amaitcha Cape Doctor. Ikawomba imayala mtambo pamwamba pa phiri ngati nsalu ya pa tebulo. Kuuonera pansi ndi wokongola. Ukakhala m'kati mwake ndi chiperoni cha ku Mulanje chenicheni, kuzizira, kunyowa, osaona mnzako amene ali mapazi khumi patsogolo, pamene m'mphepete mwa tebulomo ndi maphompho. Pansi anthu ali pa malaya odula manja, pamwamba mano akugundana. N'chifukwa chake jekete siyotsala, ngakhale kutache bwanji. Miyezi ya Malichi ndi Epulo nthawi zambiri imakhala yofatsa, mphepo itachepa mvula isanalimbe, ndipo muli matchuthi a pa 21 Malichi ndi pa 27 Epulo.

Koma taonani mmene timachitira. Loweruka madzulo wina amaona kamtambo n'kulemba kuti anthuni kunjaku sikuli bwino. Wachiwiri, amene ankafuna kale pothawira, amavomereza. Pofika 9 koloko ulendo wafa popanda amene waupha. Za nyengo wonena akhale mmodzi, mwini ulendo, pa ola limene munagwirizana, atayang'ana zanyengo pa foni. Ndipo mawu ake asakhale akuti zalephereka. Mtambo ukakhala pamwamba pokha, tsikani nayo pulani, yendani njira ya m'munsi monga Pipe Track kapena m'nkhalango ya Newlands. Ikakhala mvula yeniyeni, tsiku lobwereza likhale lodziwika kale kuyambira pa chiyambi, lolembedwa m'kope momwemo. Mawu akuti tidzapangananso ndi amene aika m'manda maulendo ambiri kuposa mvula.

Pa za nthawi sindichulutsa. 7 koloko ndi 7 koloko, kudikira mphindi 15, kenako kunyamuka. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo wochedwa ndi ola wagulitsa anzake onse kwa dzuwa la pa Platteklip. Malo okumana akhale amodzi, otchulidwa bwinobwino, osati kungoti m'tauni. Mabasi a MyCiTi ochokera ku Dunoon amafika pa Civic Centre, ndipo opita ku Camps Bay amadutsa pa Kloof Nek, koma salandira ndalama m'manja, amafuna khadi, ndipo Lamulungu amayenda motalikirana. Khadilo muliikire ndalama Loweruka. Ndipo achimwene anga, kunena mosapsatira, maulendo ena a Lamulungu m'mawa amafera m'botolo Loweruka usiku. Amene akudziwa kuti Loweruka lake ndi lotani anene ayi Lachitatu.

Nanga pakabwera anthu ochepa? Apa m'pamene ndimasiyana ndi ambiri. Timaona ngati anthu anayi pa 30 ndi manyazi, ndiye timabwerera. Ine ndikuti anayi akakwana, ulendo ulipo. A SANParks, amene amayang'anira phirili, amalangiza kuti anthu aziyenda osachepera anayi, ndipo chifukwa chake n'chomveka: wina akavulala, mmodzi atsala naye, awiri apita kukaitana thandizo. Palinso achifwamba amene amalanda mafoni m'njira zina, makamaka kwa woyenda yekha kapena awiri, m'bandakucha ndi madzulo. Ndiye osakwana anayi asapite kutali, koma anayi asabwerere. Anayiwo akatumiza zithunzi ali pamwamba, Robben Island ikuoneka kumbuyo kwawo, mudzaona mwezi wotsatira anthu akudzipereka okha ndi R50 yawo m'manja. Gulu limene labwerera kawiri silidzakhulupiriridwanso.

Ndipo ulendo ukhozanso kulephereka muli kale paphiri. Anyamata amathamanga kukafika pamwamba, mayi wina watsala yekha m'munsi akupuma movutika, manyazi amugwira, ndipo sadzabweranso, komanso akauza anzake onse kuti asayerekeze. Woyenda pang'onopang'ono ndiye akhale muyeso wa gulu. Wodziwa njira akhale patsogolo, wamphamvu wina akhale kumapeto, pasapezeke wodutsa woyambayo kapena wotsalira kumbuyo kwa womalizayo. Mugwirizanenso ola lobwerera, kuti ikakwana nthawi yakuti titembenuka, tafika kaya sitinafike. Wodwala BP, shuga kapena mphumu auze mwini ulendo pambali ndipo anyamule mankhwala ake. Aliyense asunge mu foni nambala ya opulumutsa anthu m'mapiri, a Wilderness Search and Rescue, 021 937 0300. Ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka ndipo salipiritsa. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa mantha athu: wina akagwa, anzake amayamba kuganiza za ndalama ndi za mapepala, n'kumayesa kumunyamula okha mdima ukugwa. Imbani msanga, foni isanathe moto. Ndipo musananyamuke muuze munthu wotsala kunyumba njira imene mukudzera ndi nthawi imene akuyembekezereni.

Inu azibambo amene akazi anu akufuna kupita nawo, m'malo mofunsa mafunso ambiri, tiyeni nonse, kapena tsalani ndi ana tsiku limodzi lokha. Mlongo amene amagona kuntchito sabata yonse, Lamulungu lake ndi lomwelo lochapa, lopemphera ndi lopuma. Akapatula limodzi kuti akaone nyanja ali pamwamba, wachita kulimba mtima.

Tsiku la ulendo wotsatira mulitchule muli pamwamba pomwepo, mukudya buledi uja, anthu akadali okondwa, ndipo mwini wake akhale wina, kuti mtolo usamagwere munthu mmodzimodzi mpaka atatopa. Amene akufuna kukaona ku Cape Point, kumene kuli geti lolipira, anyamule pasipoti, chifukwa a mayiko a SADC tili ndi mtengo wathu wotsikirapo kusiyana ndi alendo a kutali.

Mayi, mupereke moni kwa agogo ndi kwa onse a pamudzi. Amalume mundiuzeko ngati feteleza uja anafika. Inu a kuno, amene ali ndi nsapato zolimba za saizi 6 kapena 7 zimene sakuvala andiuze, pali alongo awiri amene akuzifuna.

Ndatha ine mwana wanu,
wa ku Cape Town